Ngwee Khumi

Ndili ndi kakhumbi pamsika wa Kapata,
pakati pa mayi wa salaula ndi wowotcherera njinga.
Katundu wanga saola, safuna wonyamula:
kompyuta yothetheka pakona, sipika imodzi yachimfine,
ndi nyimbo zikwizikwi zomwe sindinaimbe ine.
Nyimbo zana pa memori khadi, makwacha khumi.
Ukadandaula bwino ndimaika mbasela.

Lachiwiri lina, mphepo ya Julaye ikusesa mapepala,
kunabwera mdala wa jekete loposa mapewa.
"Mwanawe, uli nazo za Lufeyo Njobvu?"
Ndinati zilipo, kuja ndimasunga zakale,
pamodzi ndi zamaliro ndi makwaya a ku Katete.
Ndinatsegula. Gitala inayamba yokha,
kutsetsereka ngati njinga yopanda mabuleki pa Kanjala,
koma osagwa.

Mdala sanayang'ane sipika.
Zala zawo zakumanzere zinkayenda pathebulo langa,
kudina mawaya omwe panalibe,
nsonga zake zolimba ngati chidendene cha mlimi wa thonje.
Apo ndinadziwa. Malovu anauma.

Anafotokoza osakweza mawu, ngati owerenga lisiti:
ng'ombe ziwiri zinalowa mu situdiyo ku Lusaka,
matumba asanu ndi atatu a mtedza analipira basi ndi woimba ng'oma,
ndalama ya malata inasanduka zimbale mazana atatu.
Chimodzi, makwacha makumi asanu.
Zinagulidwa makumi anayi ndi chimodzi,
chimodzicho ndi mlamu, pangongole.
Zotsala ana anazipachika m'munda ku Chiparamba
kuti ziziphethira padzuwa, mbalame zisathe mpendadzuwa.
"Kumeneko ndiye zinagwira ntchito,"
anatero, naseka ndi mphuno.

Chawo chomaliza chinakandika, chimangobwereza liwu limodzi.
Ndiye abwera kudzagula mawu awo omwe.

Masamu ndinachitira mumtima.
Nyimbo imodzi, ngwee khumi,
kandalama komwe kakagwa m'fumbi
ngakhale mwana wa sukulu sawerama.
Yachinayi ija, pomwe gitala imafunsa funso n'kudziyankha,
anati inawadyera zaka khumi ndi chimodzi,
kuyambira pa banjo ya chigubu cha mafuta ndi waya wa buleki,
bambo awo akuwathamangitsa nayo kukhola.
Kompyuta yanga imati: mamegabaiti anayi.
Sikelo yake ndi yomweyo ndi ya mnyamata wa ku Mchini
amene anajambula yake Loweruka masana,
makina akumuwongolera kukhosi,
ndipo imeneyo ndimaigulitsa kakhumi patsiku.
Sindimunyoza. Nayenso sindimupatsa kanthu.

Ndinati, "Atate, tengani ulere."
Anapukusa mutu.
Anatulutsa pepala la makwacha khumi lofewa ngati fodya wonyowa,
analiwongola ndi zala zomwe zija.
"Landira. Ndione kamodzi m'Chipata muno
munthu akulipira nyimbo zanga osanenerera,
ngakhale munthuyo ndi ine."

Ndinalandira.
Lendi ya kakhumbi siimva gitala.

Ndinawaikira zawo zonse, khumi ndi ziwiri.
Malo anatsala ambiri, ndinafunsa ndiwonjezere za yani.
"Asiye choncho," anatero,
"zilipo zina zomwe ng'ombe zinandithera ndisanajambule."
Anakulunga kakhadi m'pepala la shuga,
kukabisa m'thumba lamkati ngati mankhwala,
nakwera njinga yahayala, atanenerera mtengo mpaka wopalasa kutopa.

Madzulo, anthu akumanga mitolo,
ndinatsegulanso yachinayi, mokweza mpaka sipika kutsokomola.
Wowotcherera uja, Yelesani, anazimitsa moto wake,
magalasi akuda ali pachipumi,
kumvetsera mpaka waya womaliza utaleka kunjenjemera.
Kenako anapukuta manja, kutulutsa foni:
"Imeneyo yokha, ndi zingati?"

Ine amene mitengo ndimaitchula ndili m'tulo,
ndinayang'ana pepala lija m'kabati,
ndinayang'ana thebulo pomwe panayenda zala,
ndinati abwere mawa.